Dayi Wakuda Pamutu pa Wongani

Fyness anachenjeza, koma panalibe womumvera. Anauza mwamuna wake Misheck kuchipinda, anauzanso apongozi ake pakhonde atagwada mwaulemu, kuti pamutu pa mwana pasafike mankhwala alionse amene sanachokere kuchipatala. Misheck anangoti, "Ndamva," maso ali pafoni. Apongoziwo, a nyaMhone, anaseka chapansipansi n'kufunsa ngati ku fomu folo amaphunzitsanso kulera ana.

Mwanayo, Wongani, anabadwa ndi kagulu ka tsitsi loyera mbee pamwamba pa chipumi. Khungu la pamenepo linalinso loyera, ndipo mawanga ena oyera anali pamimba ndi m'mawondo. Kwina konse anali wakuda ngati bambo ake. Anali ndi miyezi isanu, wonenepa, wosekerera aliyense. Fyness ankamuyang'ana kosalekeza, monga mmene ankayang'anira chilichonse: chitseko ngati chatsekedwa, mbaula ngati yazima, nkhope za anthu akamasuzumira kumsana kwake m'minibasi.

A nyaMhone anabwera kuchokera ku Nkhata Bay kudzakhala nawo pa ubatizo wa mdzukulu wawo. Anafika ndi usipa, ufa wa kondowole, komanso mlandu umene anali atauweruza kale. Kuseri kwa nyumba ya banjali ku Msongwe, mumzinda wa Mzuzu, kuli mitengo kumene apusi amatulukira kudzaba chimanga. Pakati pawo panali mmodzi wa mkono woyera ndi theka la nkhope loyera. Fyness ali ndi pakati anamuona, anaseka, anamujambula n'kutumiza chithunzicho pagulu la banja la pafoni.

"Umboni munatitumizira nokha, mkamwana," ankatero a nyaMhone. "Munthu wapakati saseka chinthu chotero. Mwaona tsopano, pusi uja watidindira mwana."

Anali atauzanso Misheck kuti apeze anthu a agalu, pusiyo aphedwe.

Loweruka m'mawa Fyness anapita kumsika wa Zigwagwa kukagula kamalaya ka ubatizo. Dzulo lake anali ataona kapaketi ka dayi wakuda m'chikwama cha apongozi ake, n'kudzitonthoza kuti mwina ndi ka imvi zawo. Anagula mothamanga, osanenerera n'komwe, n'kubwerera.

Kulira anakumvera ali kumsewu. Sikunali kulira kwa njala. Atalowa m'nyumba analandiridwa ndi fungo la ku saluni. A nyaMhone anali pampando akugwedeza mwana, zala zawo zili bii. Tsitsi loyera lija linali litada, chipumi chapakidwanso, ndipo m'mphepete mwa kudako khungu linali litafiira n'kutupa. Chikope cha kumanzere chinali chitayamba kutsekeka.

"Alira pang'ono, asiya," anatero a nyaMhone. "Taonani tsono, mwana waoneka ngati anzake."

Fyness anamulanda mwanayo osapempha. Anathamangira naye kumpopi, anamupendeketsa mutu n'kuyamba kuthira madzi. Madzi ankatsika akuda.

"Bambo a Wongani! Muli kuti?"

Misheck anatulukira kuseri atanyamula chiguduli. Ankatsuka takisi yake.

"Munali pompano? Mwana akulira chonchi, inu muli pompano mukupukuta matayala?"

"Amama anati asungunula ndi madzi ambiri, sapweteka."

"Amama anati! Nanga ine ndinati chiyani? Kapena ndikamayankhula mumamva ngati wailesi ya aneba?"

"Mkamwana, samalani pakamwa," anatero a nyaMhone ali chilili pakhomo. "Ine ndalera ana asanu ndi mmodzi."

"Mwalera anu, amama. Uyu ndi wanga. Lizani galimoto, a Misheck, apo ayi ndikwera kabaza."

Kuchipatala anapeza mayi Gondwe, dokotala amene amaonanso za matenda a khungu. Mayiwo sanafunse zambiri poyamba. Anatsuka diso la mwanayo, anameta tsitsi lopakidwalo, anapaka mankhwala pamene panapsa, n'kupereka ena akumwa. Fyness anaima pafupi akutsatira dzanja lililonse ndi maso.

"Diso silinavulale," anatero mayi Gondwe pomaliza. "Mwachita bwino chomene kutsuka ndi madzi ambiri nthawi yomweyo. Chilondachi chipola. Koma dayi ameneyu ngakhale akuluakulu ena amawatupitsa nkhope, ndiye khanda? Akanagona naye mpaka mawa, bwenzi tikukamba zina. Wamupaka ndani?"

Misheck anayang'ana pansi. Fyness anayang'ana apongozi ake.

"Ndine, agogo ake," anatero a nyaMhone. "Ndimabisa manyazi amene mayi akewa anatibweretsera." Ndipo anafotokoza za pusi, za kuseka, za chithunzi.

Mayi Gondwe anavula magalasi. Zinkaoneka kuti nawonso akupsa mtima, koma anakoka mpando.

"Amama, takhalani pansi. Khungu la munthu limada chifukwa cha utoto wachilengedwe umene thupi limapanga lokha. Anthu achialubino utotowo umachepa thupi lonse, n'chifukwa chake khungu ndi tsitsi lawo n'loyera, ndipo maso amawavuta. Koma pali ena amene utotowo umangosowa malo ochepa, pachipumi, pamimba, m'mawondo. Ena amati chialubino cha malo ochepa. Ndi zimene ali nazo Wongani. Anabadwa nazo, adzakula nazo. Sizipatsirana, sizipweteka, ndipo sizikhudza nzeru zake."

"Nanga pusi uja?"

"Pusi uja ali ndi zake zofanana ndi zimenezi. Zimachitikanso kwa nyama zakutchire: mbalame, agwape, apusi. Utoto ukasowa pena, ubweya wa pamenepo umayera. Tandiuzani amama, mayi ake a pusiyo anaseka ndani ali ndi pakati?"

Misheck anatsala pang'ono kuseka, koma ataona nkhope ya mkazi wake anameza.

"Pusiyo musiyeni, alibe mlandu," anapitiriza mayi Gondwe. "Izi kawirikawiri mwana amatengera kwa makolo, ngakhale nthawi zina zimangoyambira pa mwanayo. Kubanja kwanu, mbali zonse ziwiri, alipo wa banga loyera lobadwa nalo?"

Kenako Misheck anawerama pang'onopang'ono n'kupinda buluku la mwendo wakumanja. Pansi pa bondo panali banga loyera lalikulu ngati chikhatho.

"Ili ndi chipsera," anatero mosatsimikiza. "Amama anati ndinapsa ndi phala ndili khanda."

Mayi Gondwe anasisita pamalopo ndi chala. "Chipsera cha moto chimakwinyika, bambo. Apa ndi posalala, ndipo taonani ubweya wake ndi woyera. Munabadwa nalo."

Banga limenelo Fyness ankalidziwa chikwatiranirane, ndipo nkhani ya phala anaikhulupirira ndi mtima wonse. Miyezi isanu yonseyi azilamu ake ankamujeda. Miyezi isanu ankadzifunsa yekha ngati kuseka kuja kunalidi tchimo.

"Munkadziwa, amama," anatero Fyness. "Munkadziwa, koma munandisenzetsa ine. Munandichititsa manyazi pamaso pa abale onse chifukwa cha pusi!"

"Ndinanena phala kuti mwana wanga asalozedwe zala!" anakuwa a nyaMhone. "Lake buluku linkabisa. La uyu lili pankhope. Simumva pawailesi zimene anthu oipa amachitira ana oyera khungu? Mukufuna adzamube?"

"Mantha amenewo ndikuwamva, ndipo si achabe," anatero mayi Gondwe. "Koma vuto ndi anthu okhulupirira bodza, osati khungu la mwana. M'thupi la munthu wachialubino mulibe chizimba, mulibe chuma. Mukamva wina akuopseza, kapena mlendo akufunsafunsa za mwanayu, kaneneni kupolisi ndi kwa achitetezo a m'dera lanu. Dayi sangamuteteze. Lero wangotsala pang'ono kumuwononga diso."

Anatembenukira kwa Fyness. "Chimene muyenera kusamala tsiku ndi tsiku ndi dzuwa. Malo oyerawa amapsa msanga. Kuzizira kwa Mzuzu kusakunamizeni, dzuwa limawotcha ngakhale kuli mitambo. Akakhala panja avale chipewa chachikulu ndi zovala zofika m'mawondo, ndipo muzimukhazika pamthunzi. Akakulako pang'ono tidzakuuzani za mafuta oteteza ku dzuwa. Mubwere naye sabata yamawa tione chilondachi, tidzamuyezenso makutu, chifukwa ana ena otere amakhala ndi vuto la kumva."

"Amamva, adokotala," anafulumira Fyness. "Supuni ikagwa amadzidzimuka. Ndimayesa."

"Ndi bwino, koma tiyezebe. Ndipo mumve nonse atatu: palibe wolakwa apa. Mayi sanalakwe, bambo sanalakwe."

"Yewo chomene," anatero Fyness. Ndi iye yekha amene anathokoza.

Anabwerera kunyumba. Pofika madzulo kutupa kunali kutayamba kutsika. Wongani anatsegula maso onse awiri, anayamwa mpaka kukhuta, n'kugona m'manja mwa mayi ake. Pachipumi pometedwapo banga loyera linkaonekera poyera, lonyezimira ndi mankhwala.

Atatha kudya, a nyaMhone anatsokomola pang'ono.

"Za dayi zamveka. Koma mawa kutchalitchi tingosinja makala pang'ono, tisakanize ndi mafuta, tipake m'mbali mwa chilondacho. Ndi za zithunzi zokha. Anthu akwathu adzaona zithunzi zimenezo."

Fyness anaimirira ndi mwana m'manja.

"Amama, ndakulemekezani kuyambira tsiku limene ndinalowa m'banja lino. Koma mumve. Banga lobadwa nalo si temberero, si chilango, ndipo silichokera kwa nyama. Silichoka ndi dayi, makala kapena zitsamba. Mwana wotere amafunika chipewa, mthunzi, chipatala, ndi anthu osamuchitira manyazi. Basi. Pakhungu la mwana wanga sipafikanso chilichonse chimene dokotala sananene."

"Misheck, ukumumva mkazi wako?"

Fyness anamuyang'anitsitsa Misheck, poti ankadziwa kuti mwamuna wakeyo sanatsutsepo mayi ake.

"Ndamumva, amama, ndipo ndikanamumvera poyamba mwanayu sakanapsa. Ine ndakula osavala kabudula. Anzanga akusambira, ine ndili pamwala ndi buluku, chifukwa munkati chipsera changa n'chonyansa. Mwana wanga sakula choncho. Mawa abatizidwa mmene alili, ndipo zithunzi tijambula."

"Ndiye mwagwirizana." A nyaMhone anadzuka, anamanga chitenje mwamphamvu. "Ine sindikhala kuti ndione mdzukulu wanga akulozedwa zala kuguwa. Minibasi yoyamba ya ku Nkhata Bay ndikwera, kusanache."

"Ndikakusiyani ku depoti," anatero Misheck motsitsa mawu. "Tsiku limene mudzafune kumuona mmene Mulungu anamupangira, khomo lino ndi lanu."

A nyaMhone anafika pakhomo la chipinda n'kuima. Anadikira. Mlendo wamkulu akanena zonyamuka atakwiya, eni nyumba amamupepesa, amamulanda chikwama, amamunyengerera kuti agonenso. Anadikirabe, msana uli kwa iwo.

Fyness anakonza kansalu pamutu pa mwana kuti kasakhudze chilonda.

"Ndikuphikirani tiyi musananyamuke, amama," anatero. "Kum'mawa kumazizira."