Chinjinga Chongolira Osayenda

Njinga yamoto ya bambo a m'nyumba ino sinali yamasewera ayi. Chinali chinjinga cha maulendo ataliatali, masilinda asanu ndi imodzi, cholemera ngati ng'ombe, mpaka chinali ndi giya yobwerera m'mbuyo, poti ungachikankhe ndani chimenecho? Anayenda nacho misewu yambiri, mkazi wawo ali pambuyo, kufikira tsiku lomwe sitiroko inawagwetsa m'bafa. Mawu anathera pomwepo. Dzanja lamanja, lija ankaperekera moto, linauma gwa.

Mayiwo anayesa zonse. Kusisita, kuimba, kukalipa kumene, dzanja osagwedezeka. Koma Loweruka lina, akusesa m'galaja, anangoti ndilize kaye chinjingachi batire ingafe. Chitalira, mawindo ananjenjemera. Atathamangira kuchipinda anapeza bambo maso ali pawindo, ndipo zala zouma zija zikupindika pang'onopang'ono ngati zikupereka moto. Mayiwo analira ngati mwana.

Basitu, unakhala mwambo wawo. Loweruka lililonse m'mawa ankakankhira mpando wa bambo pawindo, n'kukaliza chinjinga kanthawi kochepa, n'kuzimitsa msanga kuti chisatope. Ankachipukuta mpaka kudziona nkhope pathanki. Oyilo sankasintha. Asinthirenji chinthu chosayenda? Ndipo zala zinkapita patsogolo ndithu, mpaka zinayamba kugwirako supuni.

Ndiye m'mawa wina chinjinga chinagogoda m'kati, go go go, chinatsokomola, n'kuti zii. Mayiwo anaitanitsa mlamu wawo, mng'ono wa bambo, amene ndi makaniko. Iye anamasula kabawuti ka pansi pa injini, ndipo m'beseni munatuluka zinthu zotuwa ngati tiyi wamkaka, muli tizitsulo tonyezimira.

"Alamu, mumachiyendetsa chimenechi?"

"Ine? Ndi miyendo yanga yomweyi? Ndimangochiliza."

"Nthawi yaitali bwanji?"

"Pang'ono chabe. Ndimachisamala."

Mlamu anapukuta m'manja. Kenako anati, "Injini ngati iyi imafuna msewu, itenthe mpaka thukuta la m'kati liume. Mukailiza n'kuzimitsa isanatenthe, thukutalo limatsikira mu oyilo. Yakhala ikumwa madzi nthawi yonseyi, alamu. Yadyana m'kati. Bola mukanangoisiya."

Bola akanangoisiya! Mawu amenewo anawalasa mayiwo pamtima. Ndiye kuti Loweruka lililonse, uku akudzutsa dzanja la mwamuna wawo, uku anali akupha chinthu chokhacho chomwe chinkalidzutsa.

"Konzani," anatero.

"Zitsulo zake kulibe kuno, ndipo za mtundu uwu anasiya kupanga. Ndifufuza, koma ndisakunamizeni."

Anafufuzadi, mwana wa eni, osapeza kanthu. Masabata ankapita. Loweruka likafika bambo ankaloza windo ndi chibwano, mayiwo n'kuwakankhira pomwepo, n'kunama kuti batire ili kotchajitsa. Supuni ija inayamba kugwa.

Ataona kuti zafika poipa, mayiwo anapempha mlamu kuti abwere ndi njinga yake, kanjinga ka silinda imodzi kopitira ku ntchito. "Mukailowetse m'galaja mwakachetechete, muilize. Njinga ndi njinga basi, sadziwa."

"Achimwenewo? Alamu, inu..."

"Chonde, alamu."

Mlamu anaikankha pamanja kuchokera kumsewu, naiimika pambali pa chinjinga chakufacho. Mayiwo anakhala pafupi ndi bambo, atawaika dzanja lamanja pabondo poonekera.

Kanjinga kanalira. Phe phe phe phe, kamawu kowonda ngati makina osokera.

Bambo anatchera khutu. Anamvetsera ndithu, nthawi yaitali, monga ankachitira kale akafuna kudziwa pulagi ya mu injini yomwe yatopa. Kenako anatembenuka n'kuyang'ana mkazi wawo. Sanakwiye. Kukwiya kukanakhala bwino. Anangowayang'ana ngati munthu amene wauzidwa za maliro mochedwa.

"Ndi yomwe ija, bambo," anatero mayiwo. "Yangodwala chimfine."

Bambo anatambasula dzanja lamanzere, nanyamula lamanja lija pabondo, naliika pansi pa bulangete. Analoza bedi ndi chibwano.

M'galaja mlamu anali akuperekabe moto, poti palibe anakamuuza kuti asiye.