Khonde la ku Jamaica

Betty anatsika tramu, kasitima ka m'tauni, ku Croydon, ku Ulaya, mtima ukumuwawabe. Sabata yathayo anali ku Jamaica ndi mwana wake Dyna, kukaona malo amene Dyna ndi bwenzi lake Newton anasankha kuti akachitireko ukwati. Makolo a Newton kwawo n'komweko.

Malowo anali nyumba yakale ya azungu a minda ya nzimbe, yoyera mbee, ya khonde lozungulira. Mayi woonetsa alendo ankamwetulira uku akuloza mipando, piyano, mbale za ku Ulaya. Betty atafunsa kumene akapolo ankagona, mayiyo analoza kuseri kwa mitengo ya mango, nati masiku ano n'koimikako magalimoto. Kenaka anayamba kugawa timatambula ta ramu, mowa wa nzimbe.

Betty sanamwe. Iye anakulira pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, kumene bambo ake ankaphikira bwana m'nyumba ya khonde ngati lomwelo, ndipo ana a antchito ankathera kukhitchini.

Tsopano anabwera kwa Dyna kudzalavula zimene anameza ulendo wonse. Anapeza zithunzi za nyumba ija zili mbwee patebulo.

"Dyna, ine pakhonde lija sindikavinapo."

Dyna anayankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse, kuti ndi malo chabe, zakale zinapita.

"Zinapita kuti? Anthu anafera m'nzimbe zija, iwe ukufuna ukadulirepo keke?"

Newton anatuluka kukhitchini akupukuta m'manja.

"Amayi, amene anaferamo ndi makolo anga. Ndinasankha dala. Ndikufuna abale anga onse akakhale pakhonde lija, akadye, akaseke mokweza."

"Ndiye eni nyumbawo akamva kuwawa? Akakulandirani ndi ramu yemweyo!"

"Mwina. Koma ndikufuna."

Akanakhala Dyna yekha, Betty akanamukalipira mpaka kumveka pamsewu, koma mkamwini, pa nkhani ya makolo ake omwe, akanamuuza chiyani? Tiyi amene anamuikira anazizira osamukhudza. Ananyamula chikwama, natsazika mwachidule.

M'mawa mwake, kunyumba yosamalira okalamba kumene ankagwira ntchito, anakagogoda kwa abwana ake kupempha tchuthi cha mwezi wa Ogasiti, mwezi wa ukwatiwo.

"Ukwati ku Jamaica! Mwayi wake!" anatero abwanawo, akuwomba m'manja.

Betty anangoti, "Eya," natuluka kukasintha zofunda za m'chipinda chotsatira.