Chigumula cha Abambo ndi cha Amayi

Abambo anga, a Velayudhan, anali Mhindu. Amayi, a Aleyamma, ndi Mkhristu. Atakwatirana, abale a mbali zonse ziwiri anawataya, motero anakwera kumapiri kukathyola tiyi, ndipo ine ndi mlongo wanga Sudheer tinabadwira komweko. Pakhoma limodzi la nyumba yathu panali zithunzi za milungu ya Abambo, pambali pake mtanda wa Amayi.

Za malemba ankakangana ngati mmene ena amakanganirana za mchere wa m'ndiwo. Abambo ankati dziko limazungulira m'nyengo zinayi, iliyonse yoipa kuposa inzake, ndipo ife tinabadwira mu yotsiriza, nyengo ya Kali. Ikadzatha, madzi adzameza zonse, kenako dziko lidzayambiranso. Amayi ankakana, ankati dziko linayamba kamodzi ndipo lidzatha kamodzi. Koma nkhani ya chigumula onse anali nayo: munthu wolungama, chombo, ndi phiri limene chombocho chinakaima. Kungoti kwa Abambo, yochenjeza munthuyo inali nsomba.

"Nkhani imeneyi munatibera inu," Abambo ankatero akusamba m'manja.

"Tibe nsomba yolankhula? Idyani yosalankhulayi, chinangwa chikuzizira," Amayi ankayankha. "Pajatu ife tinapatsidwa utawaleza. Mulungu analonjeza kuti sadzabwerezanso."

Sudheer atakula ankayendetsa galimoto yonyamula tiyi. Anakwatira Bindu, anamanga nyumba m'mphepete mwa kamtsinje, kumunsi kwa makolo, ndipo anabereka ana awiri. Ine ndinakwatiwa m'tauni ya kuchigwa. Chaka china mvula inagwa osapuma, ndipo makolo anali kwanga chifukwa Abambo ankachotsedwa ng'ala m'diso. M'mawa wina, anthu akumwa tiyi, phiri linagumuka. Matope, miyala ndi mitengo zinatsika ndi kamtsinje kaja n'kukwirira mudzi wonse.

Tinakwera msewu utatseguka. Pamene panali nyumba ya Sudheer tinapeza mwala waukulu kuposa nyumbayo. Okumba anatulutsa anthu ambiri, koma ochepa okha ndi amene anadziwika kuti ndani. Sudheer, Bindu ndi ana sitinawazindikire mwa aliyense. Osadziwikawo anawaika pamodzi m'munda wa tiyi. Wansembe wa kukachisi wa Ahindu anapemphera, wa kutchalitchi anapemphera, shehe nayenso anapemphera, ife tili chiimire m'matope osadziwa kuti tilire pa dzenje liti.

Titabwerera kwanga, Amayi analeka kupita kutchalitchi. Bambo mfumu anabwera kudzawaona, ndipo Amayi anawafunsa za utawaleza. Iwo anafotokoza mofatsa kuti lonjezo lija linali la dziko lonse, osati mudzi umodzi. Amayi anawathokoza, anawapatsa tiyi, n'kuwaperekeza mpaka pakhomo. Atatseka chitseko anandiuza kuti dziko lawo lonse linali m'mphepete mwa kamtsinje kaja.

Komabe buku lawo la malemba sanalitaye. Masana ena ndikupeta mpunga, ndinawaona akupita nalo pakhonde pamene Abambo anakhala, diso lili chomatidwa. Anawauza kuti apeza malo amene sanawasamalepo kale, onena kuti dzuwa limabwerera kumene linachokera, mitsinje imabwerera, ndipo zimene zinachitika n'zomwe zidzachitikenso.

"Munkanena zoona, bambo a Sudheer. Kwathunso zinalembedwa. Ndiye tandiuzani, likadzayambiranso dzikoli, ana aja adzabweranso?"

Abambo anatembenukira kwa Amayi.

"Akadzabweranso, phiri lijanso lidzabwera," anatero. "Ndiye adzakwiririkanso, ife tidzaimanso m'matope muja, osati kamodzi, osati kawiri. Ndakhala ndikuziganiza zimenezi. Panopa ndikufuna zanu zija, zakuti zinthu zimatha kamodzi basi."

"Zanga zija ndinazisiya kumtunda," Amayi anayankha.

Anakhala pamenepo mpaka dzuwa linapendeka. Kuyambira tsiku limenelo sindinawamvenso akukangana za malemba, ngakhale za china chilichonse.

Diso la Abambo linachira bwino, adokotala mpaka anakondwa, koma eni ake sankafuna kuyang'ana kanthu. Mpunga ankangoutosa ndi zala. Anamwalira mvula ina isanabwere. Abale awo tinawauza, koma palibe amene anafika. Amayi ananena kuti mwamuna wawo aotchedwe monga mwa mwambo wa kwawo. Moto wa maliro amayatsa ndi mwana wamwamuna, ndipo anthu a pamalo owotcherapo anayang'anana, kufunsana kuti ayatsa ndani. Ndinayatsa ine. Phulusa Amayi ananyamula okha pabasi, atalifungata pamiyendo, n'kukalithira m'nyanja.

Boma linaletsa kumanganso kumudzi kuja, ndipo ndimamva kuti tchire layamba kumera pamatope paja. Amayi akukhala ndi ine. Amandithandiza kuphika, amapesa tsitsi la mwana wanga wamkazi, koma amamutchula dzina la mwana wa Sudheer, ndipo iye anazolowera kuvomera. Mvula ikayamba kugogoda pamalata, amatseka mawindo onse n'kukweza wailesi. Ana anga akafuna kusewera pamvula amazembera kuseri kwa nyumba ya aneba, kuti agogo awo asawaone.