Veronika Amwetsa Galu Khungwa

Chaka chimene Anselmo anayamba kuwonda, mkazi wake Veronika ankatsikira kuchitsime kanayi pa tsiku, koma mtsuko sunkakhalitsa madzi. Munthuyo ludzu lake linali losatha. Akataya madzi kuseri kwa nkhokwe, nyerere zinkangoti bii pamalopo. Masiku ano timati matenda a shuga, koma nthawi imeneyo kumapiri a ku Bembeke kuno analibe ndi dzina lomwe.

Ndiye taonani, galu wokalamba wa Anselmo nayenso anayamba zomwezo: kumwa osakhuta, nthiti poyera, nyerere pambuyo. Wogulitsa mchere wina wodutsa anauza Veronika za khungwa la mtengo wa muwawani kuti limathandiza, koma mayiyo anaopa kumwetsa wodwala wofooka chinthu chosachidziwa. Anati ayambe wayesera pa galu. Ankasinja khungwalo, kuliviika, n'kumwetsa galuyo m'mawa uliwonse. Pofika tsiku lachisanu nyerere zinachepa, ndipo mayiyo anasangalala mpaka kuyimba pamtondo.

Tsiku lotsatira kunabwera Ezara, mkulu wake wa Anselmo, kudzazonda matenda. Anapeza Veronika atapana galu m'miyendo, akumuthira madzi ofiira kukamwa.

"Alamu, mukumwetsa mwavi galu wa mphwanga?"

Paja anthu akaganizira wina ufiti, ankamwetsa mwavi nkhuku kapena galu wake m'malo mwake. Chiweto chikafa, ndiye kuti mwini wake ndi mfiti. Zimenezi Veronika sizinamudutse m'mutu ngakhale kamodzi.

"Iyayi alamu, ndi mankhwala awa. Ndimayesa kuti ndione ngati angawathandize."

"Mankhwala a munthu amayesera pa galu? Munazionapo kuti?"

Ezara anali munthu wosamva za mnzake, pakamwa ngati lipenga. Dzuwa lisanafike pamutu mudzi wonse unali utamva, ndi Anselmo yemwe. Veronika anatunga chikho chodzaza n'kulowa nacho m'nyumba, nagwada pamphasa ya mwamuna wake.

"Bambo, imwani. Galu uja akupezako bwino. Ndiyamba ndine kumwa, muone."

Anamwadi, kuwawa kwake mpaka misozi. Anselmo anamuyang'ana nthawi yaitali, osakalipa. Bwenzi atakalipa zikanakhala bwino.

"Mwana wathu Monika tinamulira tonse dzinja lapitali," anatero motsitsa mawu. "Kani inu mumtima mumati ndinamudya ndine?"

Veronika anakanitsitsa. Analumbira, anagwira mapazi, koma Anselmo anatembenukira kukhoma osakhudza chikhocho. Madzulo ake abale a Anselmo anamunyamula pamachila kupita naye kwawo, kuseri kwa phiri.

Patatha sabata ziwiri kunabwera mwamuna wina wa kumeneko, nakhala pansi pabwalo osalonjera bwino. Veronika anadziwiratu, nayamba kumanga nsalu m'chiuno kuti anyamuke.

"Khalani pansi, mayi," anatero mlendoyo. "Tinaika dzulo. Iwo eni anasiya mawu oti musabwere."