Dzanja la Bambo pa Mkuwa wa Amonke

Bambo anga, a Nagadatta, ankasema zidindo zopangira ndalama mumzinda wa Kosambi. Pa ntchito imeneyi munthu amalemba chobwerera m'mbuyo, kuti chidindo chikamenyedwa pa siliva zilembo zituluke zowongoka. Ndili kamtsikana ankandipatsa dongo lofewa kuti ndiyesere chidindo chatsopano, ine n'kumaona nkhope ya mfumu ikutuluka m'manja mwanga.

Kenako mabwato a amalonda anasiya kuima padoko. Pamsika anthu anayamba kusinthana mchere ndi nsalu, zina n'kumagula ndi tizigoba ta m'nyanja. Mumsewu mwathu nyumba zinkangogwa, anthu n'kumazula njerwa kukamangira makola. Mpunga utatsala wa pansi pa mtsuko, tinamva kuti amonke a kumudzi wina apatsidwa minda ndi mfumu, ndipo akufuna mmisiri woti alembe mawu a mphatsoyo pa mkuwa. Wolembayo adzapatsidwa kamunda. Tinakweza zonse pangolo imodzi, amayi n'kusiya chitseko chosatseka.

Woyang'anira nkhokwe za amonkewo, a Vimala, anali munthu wonenepa, wokonda nthabwala. Titafika, anapereka mkuwawo kwa bambo ndi manja awiri, n'kunena kuti ndi umodzi wokhawo. Bambo anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kugogoda. Ankaimba chapansipansi, zimene anali atasiya kalekale. Ine ndinkangoyang'ana nkhope yawo. Manja sindinawayang'ane.

Dzuwa lili pamutu a Vimala anabwera. Anautembenuza mkuwawo uku ndi uku.

"Amisiri a mumzinda inu, kodi kwanu mumawerenga mutaima chadodolido?"

Bambo anayang'anitsitsa. Mzere wonse woyamba unali wobwerera m'mbuyo, wosemedwa bwino, wakuya.

"Pepani, mbuyanga," anatero. "Dzanja lapita kwawo."

A Vimala anasiya kuseka. Amayi anayamba kumanganso mtolo umene anali atangoumasula.

Ine pamaso pa alendo mawu amandithawa. Ndinangonyamuka kupita pachitsime, ndinatapa dongo, n'kulikanda monga kale. Ndinalipanikiza pa mzerewo, n'kulimatula pang'onopang'ono, kenako ndinalipereka kwa a Vimala nditayang'ana pansi. Ndinawamva akuwerenga dzina la nyumba yawo ya mapemphero, chilembo ndi chilembo, mosakakamira.

 Kenako a Vimala anafotokoza kuti mitsuko ya mafuta ndi mpunga amaimata ndi dongo n'kudindapo chala, koma zala za amonke zimafanana zonse, makamaka za amene amakonda mafuta. Alendo obwera kudzapemphera nawonso amafuna kadongo kodindidwa mawu oyera kopita nako kwawo.

Kamunda sitinapatsidwe. Mkuwawo unapita kwa wosula kuti akausalaze, ndipo anadzaulemba munthu wina. Ife anatipatsa chipinda pafupi ndi oumba mbiya, ndi mpunga nthawi iliyonse yokolola, kuti bambo azisema zidindo zodindira pa dongo.

Masana omwewo amayi akusesa m'chipindamo, bambo anakhala pakhomo ndi kamwala kofewa. Ankazengereza kuyamba. Anafunsa ngati ntchito ya dongo ndi ntchito ya munthu amene ankasema nkhope za mafumu. Amayi anayankha kuti mafumuwo sanabwerepo kudzatisuzumira mumtsuko.

Bambo anaseka pang'ono, n'kutenga katchizulo kawo kosemera.

"Rohini, mwanangu, katape dongo lina. Lija linali ndi mchenga."