Thabwa la M'galimoto ya a Chester

Ine ndimatsuka magalimoto pa Likhubula, pamene alendo amaimika akamakwera phiri. Tsiku lina m'mawa a Chester, amene amapikula chinanazi kukagulitsa ku Limbe, anabwera ndi galimoto yakalekale imene anagula ku esiteti ya tiyi. Anati nditsuke kunja ndi mipando basi. Thabwa la pa dashibodi ndisavutike nalo, madzulo alizula kuti aikepo pulasitiki.

Sindinawatsutse. Thabwalo linali bii, lonata, chifukwa wina ankalipaka mafuta ophikira kuti liziwala, fumbi n'kumakanirira pomwepo. Anthu ena ukhondo wawo ndi wowononga.

Bambo anga, a Fanuel, anasiya kuona zaka zisanu zapitazo, ndipo amakhala pabenchi pafupi nane ndikamagwira ntchito. Ankakonda kunena kuti anali mmisiri wa matabwa ku esiteti, koma kwathu kunalibe ngakhale kampando kamodzi kopangidwa ndi manja awo. Zonse akuti zinapita ndi mabwana. Kunena zoona, ndinkaona ngati amangokometsera nkhani.

Nditatsegula kabokosi ka pa dashibodi kuti ndichotse zinyalala, munatuluka fungo lokoma. Bambo anadzuka pabenchi.

"Joice, umenewo ndi mkungudza. Tandigwira dzanja."

Ndinawakhazika pampando wakutsogolo. Anayendetsa zala pathabwalo kuchokera uku mpaka uko. Kenako anati analipanga ndi iwo, pamene loyamba linang'ambika ndi dzuwa bwana n'kuitanitsa thabwa kuphiri. Anapempha a Chester kuti asalizule asanalione litayera. A Chester anaseka, nati madala awa ndi ovuta, koma adikira mpaka madzulo. Likapanda kuwasangalatsa, lichoka.

Ndinatenga parafini, bambo n'kundiletsa. Ndinayandikitsa ndowa, n'kundiletsanso. Anati thabwa silisamba ngati tayala. Nsalu yofewa ndiinyowetse m'madzi a sopo pang'ono, ndiifinye mpaka isadonthe, ndipukute motsata mizere ya mtengowo, ndiumitse pomwepo ndi nsalu ina. M'makona ndilowemo ndi mswachi wakale. Ndinapsa mtima, chifukwa magalimoto awiri anandipita ndili pa kathabwa kamodzi. Bambo atamva kuti thabwalo silikunatanso, anandituma kwa a Anesi oweta njuchi kukapempha phula. Tinalifewetsa padzuwa, ndinapaka pang'ono kwambiri, tinadikira, kenako ndinapukuta mpaka mkono kuwawa.

Zimene zinatuluka pansi pa litsirolo sindinazionepo chibadwire. Thabwa linali ngati uchi, mizere yake ikuyenda pamodzi, n'kupatukana pa mfundo, n'kukumananso. Panalibe msomali ndi umodzi womwe, zidutswa zinangolumana zokha. Anyamata onyamula katundu wa alendo anatula zikwama n'kusuzumira pawindo. Mmodzi, amene amakwera phiri mlungu uliwonse, anati mtengo waukulu wotulutsa thabwa lotere sanaupezepo uli chiimire. Ndinayang'ana manja a bambo, omwe aja ndimawapatsira kapu ya tiyi, ndipo ndinachita nawo mantha.

Chinandikanika ndi chimodzi: kachipsera kotalika ngati chikhadabo, m'mphepete mwa thabwalo. Ndinakatsuka katatu, osachoka.

Madzulo a Chester anabwera atanyamula chomasulira masikuluwu. Analowa m'galimoto, n'kuliyang'anitsitsa thabwalo. Kenako anati sazulanso, koma pali kachilema apa, akapale ndi sandipepa kuti pasalale. Bambo anafufuza ndi chala mpaka anapapeza.

"Apo musapale, achimwene. Tchizulo yosemera inandipulumuka m'manja. Ndinkasema pomwepo pamene mnzanga analowa mu shedi akuthamanga, akuti akazi anga achira kuchipatala, mwana wamkazi. Ndiye uyu wakutsukirani galimotoyu."

A Chester anayang'ana ine, n'kuyang'ananso thabwa. Chomasulira chija anachiika m'thumba, n'kufunsa bambo mwaulemu kuti phulalo azipaka kangati pachaka.

Iwo akukambirana, ine ndinaika chala pa kachipserako. Kanali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, ngati ine, ndipo tsiku lonse ndinali ndikulimbana nako kuti kachoke.