Kanyali Kofiira m'Nyumba ya a Chinkhota

"Bwerezaninso, azakhali," anatero Maud, ataima pakhomo ndi beseni la makapu m'manja. "Ndikufuna ndimve bwino."

Azakhali a Esme, mlongo wawo wa malemu atate ake, sanaphethire n'komwe. Anali khale pamphasa m'chipinda chochezera, chomwe mipando yake inali idakali panja chiyambire maliro.

"Ndati achimwene anadina batani lija. Anawapeza dzanja lili pomwepo. Makinawa amaimba kwa iwe ku Ndola, eti? Nanga iwe unali kuti?"

Ohoo, ndiye nkhani yake inali imeneyi! Masiku anayi onsewa Maud ankadabwa kuti amayi a mvano akumupatsa moni wa nsonga za zala, ndipo akalowa kukhitchini nkhani zimaduka. Kumanda dzulo lake palibe amene anamugwira mkono. Anthu a kuno ku Buchi anali atazenga kale mlandu n'kuugamula, mwini wake akutsuka makapu awo.

A Wesley Chinkhota, atate ake a Maud, anagwira ntchito ya matelefoni kumgodi zaka makumi atatu. Migodi itayamba kugulitsidwa, mabwana akulongedza katundu, iwo anagula kwa mzungu wina kabokosi koyera ka alamu n'kukakhoma m'kolido. Mkazi wawo anali atamwalira, ndipo mtima wawo unkavuta. Munthu ukadina batani la pafupi ndi bedi, kabokosiko kankaimba foni kokha n'kulankhula mawu amene iwo anajambulamo, akuti, "Ndine Chinkhota wa ku Buchi, ndikufuna thandizo." Nambala yoyamba inali ya kuofesi kwa Maud. Lachiwiri lapitalo cha m'ma leveni a Chinkhota anagwa m'chipinda chawo, ndipo mpaka nthawi ya nkhomaliro panalibe amene anadziwa.

"Ndinali padesiki tsiku lonse," anatero Maud. "Foni sinalire."

"Awe, zimenezo ukanene masana akuluakulu akakhala pansi. Ife timangodziwa kuti inu ana a ku Itawa, kumayadi a ku Ndola uko, muli ndi zochita zambiri."

Maud anaika beseni pansi pang'onopang'ono, kuopa kuti angaliponye. Zinamunyansa, ndithu zinamunyansa mpaka kukhosi. Azakhali omwewa, okhala kuseri kwa msika pompa, ankabwera kuno kamodzi pamwezi, komanso n'kudzangoimba foni yaulere.

Analowa m'kolido. Pakabokosi paja panali tinyali tiwiri. Kobiriwira kankayaka bwinobwino, kusonyeza kuti moto ukufika. Kofiira nakonso kankayaka, ndipo Maud ankakadziwa: kamatanthauza kuti kabokosi sikakuimva laini. Wina anali atamatapo kapepala kuti kasamaoneke, koma kuwala kunkatulukira m'mbali.

"Lumbani!" anaitana.

Mlongo wake wamng'onoyo anatulukira akukoka mapazi. Chimuchotsereni ntchito kumgodi zaka ziwiri zapitazo, ankakhala ndi atate, n'kumaimbitsa anthu foni m'kanyumba ka matabwa kamene anakhoma pageti.

"Kanyali aka kanayamba liti?"

"Kaya, asisi. Mwina ndi anyamata akuba waya aja. Mwezi watha anadula mapolo atatu kumsika uko."

Maud ananyamula foni ya patebulo n'kuiika kukhutu. Laini inkalira nguu, yoyera bwino ngati palibe chachitika. Anamuyandikizira Lumbani kuti amve yekha. Apo n'kuti pawindo akuona mayi wina ataima pakanyumba kaja, foni ili kukhutu, akuseka mpaka kuwerama. Tenti ya maliro isanatsitsidwe, phulusa la moto likadali lofunda, bizinesi yatsegulidwa kale. Asa!

"Akuba ako ndi aulemu," anatero. "Aba waya wa alamu wokha, wa makasitomala ako ausiya. Kanditengere chikwama cha atate cha zipangizo."

Maud anakula akunyamula chikwama chimenecho. Ana a anthu ena akusewera fulaye, iye ankakhala pansi pa polo akupatsira atate ake pulayazi. Atate ankati vuto la laini salilosera, amalitsata, kuyambira pamene ukudziwa kuti pali bwino mpaka pamene pathera mawu. Maud anamasula chivundikiro cha kabokosi. Batire inali yabwino, yopanda dzimbiri. Anatulutsa kafoni ka ntchito ka timano tiwiri n'kupana pamene waya wa laini umalowera. Zii. Anagwedeza mawaya aja, anamanga tizitsulo take mwamphamvu, anamveranso. Ziii.

Kabokosi kanalibe mlandu, a kampani ya matelefoni analibe mlandu. Vuto linali pakati, m'nyumba momwemo. Anatsata wayawo ndi chala m'mbali mwa khoma, kudutsa pamwamba pa chitseko, mpaka pabowo lotulukira panja. Sunadyedwe ndi makoswe, sunaduke paliponse.

"Makwerero," anatero.

"Asisi, mwavala chitenje, anthu ali panja..."

"Anthu anandiona kale ndili wakupha atate. Kukwera makwerero sikungawadabwitse."

Amuna amene ankapinda mabenchi a kutchalitchi anasiya ntchito n'kumayang'ana. Lumbani anagwira makwerero, nkhope ili pansi. Pansi pa malata, pamene waya wochokera papolo umafikira, panali kabokosi kena kakuda. Maud anakwera, anakatsegula, anauzira fumbi ndi ukonde wa kangaude, n'kuyang'anitsitsa.

Alamu yotere amailumikiza patsogolo pa mafoni onse, kuti ikafuna kuimba ilande laini ngakhale wina akulankhula. Umu sizinali choncho. Laini inkapita molunjika ku waya watsopano wotuwa, wolowera kugeti. Mawaya awiri a alamu anali atachotsedwa. Sanadulidwe mwachipongwe ayi. Anapindidwa bwinobwino, nsonga zake zitakulungidwa tepi wakuda mosamala, ndipo panalendewera kachikatoni komangidwa ndi ulusi.

Kumgodi amisiri ankatero. Ukasintha kanthu palaini, unkasiya kachikatoni kuti wobwera pambuyo pako asavutike: tsiku, ntchito, dzina, chifukwa. Atate sanasiye mwambowo ngakhale atapuma. Zilembo zinali zawo, zoima njo ngati ana a sukulu pamzere.

Maud anawerenga kawiri. Anamasula ulusi, anatsika masitepe atatu n'kuima, maso ake atalunjika pa liwombo la mlongo wake. Analankhula motsitsa kuti amabenchi aja asamve.

"Unkadziwa."

Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Lumbani anangolimbitsa manja pamakwerero.

"Ndati unkadziwa, iwe."

"Magetsi akangothima, alamu inkalanda laini," anatero Lumbani. "Munthu ali pakati polankhula ndi ku Lusaka, foni thi! Anthu anayamba kukaimbira foni kwa Jairus kumsika. Ine ndinangodandaula patebulo, asisi, sindinawapemphe. M'mawa mwake atate anandiuza kuti nditenge makwerero. Ndinawagwirira chomwechi."

"Nkhalamba ya mtima wovuta inakwera apa, iwe uli pansi."

"Anakana kuti ndikwere. Anati ndimalumikiza ngati mbuzi."

"Ndipo Lachiwiri unali pageti apo. Mapazi khumi."

Lumbani analira, kulira konyansa kwa munthu wamkulu, mamina ndi misozi pamodzi. Maud sanamumvere chisoni, asakunamizeni munthu. Masiku anayi mwana wa mayi ake anamva anthu akumudya mlongo wake wamoyo, iye n'kumangogawa tiyi. Maud anakwiyiranso atate, ndithu anawakwiyira. Munthu wodziwa mawaya chotero, kudzidulira yekha njira, n'kugona pafupi ndi batani lakufa miyezi isanu osauza mwana wake! Lamlungu lililonse Maud ankafunsa pafoni ngati alamu ikugwira, iwo n'kumati, "Nanga anaiika ndani?"

Anatsika, anadzikonza chitenje, n'kulowa m'nyumba. Lumbani anamutsatira mpaka pakhomo, pomwe anaima ngati woyembekeza kuitanidwa dzina kupolisi. Amayi anayi kapena asanu anali atakhala mozungulira azakhali. Maud anagwada monga mwa mwambo, koma kachikatoni anakapereka ndi dzanja limodzi.

"Simunandiyembekezere akuluakulu pondinena. Nanenso sindiwayembekezera. Werengani mokweza."

A Esme anafufuza magalasi m'chikwama. Atangoona zilembozo, anayamba kuwerenga.

"Tsiku, 14 Marichi, 1999. Ntchito, ndachotsa alamu palaini. Dzina, W. Chinkhota." Anakweza maso. "Achimwene okha?"

"Okha. Foni sinalire ku Ndola chifukwa sinatuluke m'nyumba muno."

Mayi wina amene dzulo anakana kulandira kapu m'manja mwa Maud anayamba kutola tizinyalala pamphasa. Palibe amene anati pepa, ndipo Maud sanayembekezere.

"Koma n'chifukwa chiyani?" anafunsa a Esme. Anatembenuza kachikatoni, anakayandikiza kuwindo. "Apa alemba kuti chifukwa, koma kutsogolo kwake kulibe kanthu. Achimwene sankasiya mzere wosadzaza, ngakhale pa envelopu ya chopereka."

Maud anamva Lumbani akupuma kumbuyo kwake. Mawu anali kale pakamwa, okonzeka, ndipo akanamukomera kuwalavula. Anayang'ananso mzere uja. Pambuyo pa liwu loti chifukwa panali kadontho kamodzi ka inki, pamene cholembera chinatera n'kunyamukanso.

"Mwina iwe ukudziwa, Maud?"

"Ndikudziwa zimene alembazo, azakhali."

Analandira kachikatoni m'manja mwawo n'kuimirira. Pakhomo anamudutsa Lumbani osamuyang'ana.

"Kagwire makwerero," anatero.

Anakwera, anabwezera ulusi pamawaya awiri opindidwa aja, n'kumanga mfundo pamalo pomwe atate anaimanga. Kenako anatseka kabokosi.